Pikapu ya alamu ndi chingwe changa

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Mukupuma, kapena mwayamba kale kusokera angelo mikanjo? Ndimakudziwani inu, simungaone mpendero wopindika n'kungodutsa. Ndine Dalitso wanu, uja munkati pakamwa panabadwa Lolemba, mwiniwake n'kutsatira Lachitatu.

Kuno tilipo. Mvula iwiri yadutsa chikugonekereni ku Phwezi. Adada ali bwino, kungoti dzino lina lawathawa, ndiye akamaseka amatseka pakamwa ngati namwali. Kulima fodya asiya, akuti msana. Chimanga chachita bwino, nyemba zokha ndi zimene zatichititsa manyazi. Makina anu osokera ali pakona pomwe paja, tinawafunditsa chitenje. Nthawi ya kampeni anthu ankabwerabe kudzafunsa telala wa ku Ntcheu uja amasoka malaya a zipani zonse osafunsa kuti uvotera ndani. Ndinkawauza kuti anasamukira ku likulu.

Nkhani yaikulu nayi: achemwali Chisomo anachira, mwana wamkazi. Dzina ndi lanu, Esinati. Mphuno ndi yanu, kukalipa ndi kwanu. Akangolira, adada amabisa botolo.

Ine ndidakali pa galaja ya a Kumwenda pa boma, kuwongola magalimoto ogundidwa. Munalira chomene tsiku lija ndinasiya sukulu mu Sitandade 7. Munati mutu wanga ndi wabwino koma ndimauyendetsa popanda bureki. Lero ndikufuna mumve zimene mutu womwewo wachita, ndipo musandidule pakamwa, poti tsopano simungathe.

Alamu a Mhango, amuna awo a achemwali, mukuwakumbukira, a pikapu yoyera ya matola aja. Miyezi iwiri yapitayo akuchokera ku Chitimba, atafika pa Njakwa ng'ombe inalowa mumsewu. Poizemba anakaomba chimwala cha m'mbali, kutsogolo chakumanzere. Mtima m'malo, palibe anavulala, munali iwo okha ndi madengu a usipa. Agalu a pa Njakwa anadya Khirisimasi isanakwane.

Anaikokera kwathu. A Kumwenda anaizungulira kamodzi n'kunena kuti ndi bampala, nyale ndi madigadi basi, masiku atatu ituluka. Alamu anasangalala, chifukwa Lamulungu lake kunali ubatizo wa Esinati kwawo ku Chitimba. Abusa anali atalemba kale dzina, apongozi a achemwali atagula kale mbuzi, ndipo achemwali ndi mwana amayenera kukhala kutsogolo kwa pikapu yomweyo.

Ndinaimenya hamala, Amayi, mpaka madigadi anasalala ngati tsaya la mwanayo. Pa ntchito iyi mu Rumphi muno ndilibe mnzanga, ndikunena ndekha poti ena nsanje. Koma Lachisanu m'mawa, potseka chitseko cha kumanzere, chinakana. Mpaka kuchikankha ndi chiuno. Ndinayang'ana mpata wa pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi ya kumbuyo: kumanja kunalowa zala ziwiri, kumanzere zinayi. Pamenepo nyimbo imene ndinkaimba inaduka.

Ndinakumbuka inu pakhonde la sitolo paja. Nsalu yatsopano musanaiike sizasi, munkaipinda kona ndi kona. Makona akakana kukumana munkati, "Nsalu iyi ndi yabodza. Ukaidula ili chonchi, diresi lidzakokera mbali imodzi mpaka kung'ambika kwake." Ndiye munkandigwiritsa kona imodzi, inu inzake, n'kumakoka mopingasa pang'onopang'ono, ine ndikudandaula kuti anzanga ayamba kale mpira.

Ndinalowa pansi pa galimoto ndi chingwe. Pansipo pali zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula chilichonse, timati chesisi, ndiwo msana wa galimoto. Ndinakoka chingwe kuchokera pabowo la kutsogolo kumanzere mpaka la kumbuyo kumanja, n'kumanga mfundo. Kenako ndinachipingasa mbali inayo. Zikanakhala bwino, mfundo ija ikanagwera pabowo penipeni. Inapitirira ndi zala zitatu. Ndinabwereza katatu, poganiza kuti mwina dzanja langa ndi limene laledzera. Ndinayezanso ndi tepi yanu yachikasu ija. Inde, ndine ndinaitenga tsiku la maliro, achemwali mpaka lero akuganizira azakhali.

Nditapala matope pamene pamagwira sipuling'i ya kutsogolo, zitsulo zosanjikizana zimene zimalumikiza matayala ku chesisi, ndinapeza mng'alu. Woonda ngati tsitsi, koma mkati mwake mukuwala, kusonyeza kuti ndi watsopano. Ndinathiranso madzi pansi n'kuyendetsa pikapu podutsa pamenepo. Galimoto yabwino imasiya mizere iwiri, matayala a kumbuyo amaponda pamene a kutsogolo aponda. Iyi inasiya inayi. Inkayenda chammbali ngati galu wothawa ndi fupa.

Amayi, msewu wa ku Chitimba mumaudziwa. Paja tikamatsika ku Chiweta munkatseka maso n'kuyamba nyimbo ya m'buku. Pamakona aja munthu amatsika phazi lili pabureki, ndipo galimoto yopindika msana ukaiponda bureki imakokera kumene ikufuna yokha. Sipuling'i ikathothoka pamenepo ndiye basi. M'maganizo ndinaona Esinati ali pamiyendo pa amayi ake kutsogoloko.

Ndinakauza a Kumwenda. Sanatembenuke n'komwe. Anati zaka zawo pa ntchitoyi zikuposa mano a m'kamwa mwanga, galimoto ikuyenda, ndiipope penti ituluke. Alamu nawo anati, "Mlamu, usandiphere sabata ndi kachingwe kako, ine ndayendetsa magalimoto opindika kuposa iyi." Ndinawayankha kuti ndaona, n'chifukwa chake ng'ombe za pa Njakwa zimawadziwa ndi dzina. Onse anaseka. Vuto langa ndi limenelo. Munkandiuza kuti munthu woseketsa akadzapsa nyumba, anthu adzabwera ndi mipando m'malo mwa madzi. Tsiku limenelo ndinamvetsa.

Ndiye masana a Kumwenda ndi alamu atapita kukadya kumsika, ndinaikweza pa jeke, kuikhazika pa zitsa, kumasula matayala onse anayi, kuwamanga tcheni ndi loko. Kiyi ndinaika mu sokosi. Atabwera anandipeza nditakhala pamwamba pa matayalawo ndikudya nzimbe.

Musaseke, sizinali zoseketsa. A Kumwenda anati ndikapanda kubwezera matayala dzuwa lisanapendeke, ndivule ovolosi yawo ndizipita. Ndinadziwa kuti sakunama, ndipo pa boma pano galaja ina yonditenga palibe, onse ndinawanena kale. Komabe ndinapitiriza kutafuna nzimbe. Alamu anaimba foni kunyumba. Posakhalitsa achemwali anatulukira, mwana kumsana, nkhope ngati yanu tsiku lija ndinagulitsa nkhuku ya Khirisimasi. "Iwe Dalitso, masewera ako afika mpaka pa ubatizo wa mwana wanga? Ukufuna apongozi anga azinena kuti chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa panga panatsalira kumbuyo. Ndinangoyala katoni pansi, ndinawalandira mwana n'kumupereka kwa bambo ake, ndinawagwiritsa chingwe. Ndinati, "Achemwali, gwirani kona." Anagwada monyinyirika, akutukwanabe chapansipansi. Tinakoka mbali yoyamba, mfundo pabowo. Tinapingasa, mfundo inapitirira. Anayang'ana chingwe, anayang'ana ine. Sindinafotokoze kanthu, nawonso anakulira pakhonde lomwe lija. Anadzuka, anasansa chitenje, anatenga mwana wawo n'kuuza alamu kuti, "Nsalu iyi ndi yabodza. Ine ndi mwana sitikwera."

Amayi, ndinamva mawu anu enieni, ndi kakwezedwe ka chibwano komwe. Ndinayang'ana kumbali ngati m'maso mwalowa dzimbiri.

A Kumwenda anatenga tochi n'kulowa okha pansi. Anakhalako nthawi yaitali, tikungoona nsapato. Potuluka sanandiyang'ane, sanapepese, nanga mkulu wa mpingo angapepese kwa mwana wa Sitandade 7? Anangolowa m'sitolo n'kutuluka ndi tcheni buloko, chokokera chija chimakweza injini, n'kuchiponya pamapazi anga. Anati, "Mwana wa telala, wayamba wekha, umalize wekha."

Makina owongolera chesisi amene amakhala m'magalaja a m'tauni ife tilibe. Tili ndi mitengo iwiri ya mango. Kumbuyo kwa pikapu ndinamangirira ku mtengo wina, kona yopindika ija ku mtengo unzake kudzera pa tcheni buloko, mopingasa, monga tinkachitira ndi nsalu. Kukoka pang'ono, kumasula, kuyeza. Kukokanso, kumasula, kuyeza. Chitsulo chili ngati adada, ukachikankha chimavomera, ukangotembenuka chabwerera pomwe chinali, ndiye umachipitiriza pang'ono kuti pobwerera chiime pamalo. Alamu ankati ndichiotche ndi gasi chifiire tithane nazo. Ndinakana. Chitsulo chofiiritsidwa chimawongoka msanga koma chimatsala chofooka. Munkati ayironi yotentha kwambiri imasalaza lero, mawa pabooka.

Zinanditengera masiku asanu. Mango osapsa ankatigwera pamutu tcheni ikakoka. Mng'alu uja ndinauboola kumapeto kuti usapitirire, ndinauwotcherera, n'kuikapo chigamba cha chitsulo, chosokedwa bwino kuposa cha pa kabudula wanga wa sukulu, pepani. Tsiku lachisanu ndinakoka chingwe mbali zonse ziwiri, mfundo inagwera pabowo, uku ndi uku. Chitseko chinatsekeka ndi chala chimodzi. Pamadzi paja panatsala mizere iwiri. Ndinavina, Amayi, ndi ovolosi yomweyo, mpaka amayi ogulitsa mandasi anaombera m'manja osadziwa chifukwa.

Ubatizo unatiphonya, sindikubisirani. Abusa anati tidikire mwezi wotsatira. Alamu anakhala masabata awiri osandipatsa moni, ndipo ku Chitimba kunamveka kuti kamnyamata ka Chichewa kaja n'kodzimva. Sananame kwenikweni. Amene anandithokoza ndi mbuzi yokha, inapeza mwezi waulere.

Lamulungu lapitali tinapita. Ine ndinakhala kumbuyo ndi adada. Titayamba kutsika ku Chiweta ndinasiya kulankhula, adada mpaka anandifunsa ngati ndadwala. Pa kona yoipa ija alamu anaponda bureki mwamphamvu, lole itatulukira kutsogolo. Pikapu inaima chilili, mphuno kutsogolo, osakokera uku kapena uku. Ndinasuzumira pagalasi, achemwali atatseka maso akuimba nyimbo yanu ija, Esinati ali mtulo. Titafika kumunsi alamu anatsika, anazungulira galimoto, anandigwira dzanja n'kuti, "Yewo chomene, mlamu." Ndinawauza kuti abwereze, khutu ili lili ndi girisi. M'tchalitchi mwana anakuwa madzi atamukhudza, mpaka abusa anabwerera m'mbuyo. Adada anati, "Ndi yemweyo."

Chingwe changa tsopano chili ndi msomali wake pakhoma la galaja. Galimoto yogundidwa ikabwera, a Kumwenda amauza mwiniwake kuti pano timayamba tayeza makona, ngati kuti nzeruyo anabadwa nayo. Ndimangowasiya, ndi achikulire.

Koma pali kanthu kena, ndipo musakwiye. Pobwerera tinaima ku Phwezi kudzakuonetsani mwana. Ena akupemphera, ine diso linagwera pa chiliza chanu. Chingwe chinali m'thumba. Atatsogola ku galimoto ndinagwada n'kuyeza kona ndi kona. Amayi, zala ziwiri. Mmisiri uja anatinamiza. Zaka ziwiri zathunthu telala wamkulu wagona pansi pa ntchito yabodza, ndipo ndikudziwa kuti simunagone, mwakhala mukuiyang'ana.

Pirirani pang'ono. Mvula isanagwe ndibwera ndi simenti, ndipo mmisiri sinditenga. Achemwali avomera kale kudzagwira kona inayo. Tepi yanu ndidzabwera nayo, koma kudzangokuonetsani, sindibweza.

Ndimakukondani chomene, ngakhale pamaso panu ndinkangochita nthabwala.

Ine mwana wanu wapakamwa,
Dalitso