Nyumba ya m'phiri ku Chilomoni

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wapola.

Nyumba ya ku Chilomoni imene mukufuna kudzakhalamo mukabwerera ndinakaiona Loweruka, kukugwa mvula. Kamphepo kake n'kabwinodi, tauni imaonekera m'munsi, ndipo ntchito ya ukalipentala simungaisowe. Koma mvula itakula, anthu a kumtunda anatsegula zimbudzi zawo kuti madzi akokolole. Zonyansazo zinadutsa pakhomo penipeni, pomwe ana anu azidzasewera. Nditadandaula, mwini nyumba anaseka nati, "Aaa, bwana, ikakata pamauma!"

Nsapato zanga ndinazitaya nditafika kwathu. Chonde mundilole ndikufunireni kwina, ngakhale kotentha, kuti ana asakulire m'munsi mwa zimbudzi za eni. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Lameki