Timakina ta Kawailesi M'chitini cha Mabisiketi

Okondedwa Amayi,

Pepani ndi zolemba zanga zokhotakhotazi, mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira. Mlongo wanga akamakuwerengerani asaseke, angolumpha polakwikapo. Kodi muli bwanji? Mawondo aja asiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanu. Paja kuchipatala anampatsa timakina tiwiri tovala m'makutu kuti azimva. Adokotala anati azitivala kuyambira podzuka mpaka pogona, chifukwa mwana amaphunzira kulankhula akadali wamng'ono, ndipo nthawiyo ikadutsa siibwerera.

Amayi, kunena n'kosavuta. Ndikangomuveka, kadzanja kali kale kukhutu, wazula, waponya m'kamwa. Ndimachita kumukanula ndi chala, poti akuti kabatire kam'katimo akakameza ndi maliro. Ndinamsokera kachipewa komanga pachibwano, waphunzira kumasula. Ndikambereka, khutu likangotsamira pamsana panga, kamakinako kamaimba mluzu mpaka anthu kucheuka m'basi. Bambo ake anamutcha Kawailesi, ati tabereka mwana wogwira masiteshoni onse. Iwo amaseka n'kukwera thiraki yawo, kubwera mwezi utatha. Wotsala ndi mluzuwo ndine.

Masana ndikapita kuntchito yosita zovala ndimamusiya kwa Amake Mapasa, oyandikana nafe chitseko. Sabata yatha kuchipatala analumikiza timakinato ku kompyuta, n'kundifunsa chifukwa chake mwanayu sativala. Ndinalumbira kuti amavala. Iwo anati kompyutayo ikuonetsa kuti timagwira ntchito kam'mawa ndi madzulo basi.

Nditawafunsa Amake Mapasa, sanabise. Ati ndikangotuluka amamuvula, n'kutitsekera m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ndiye amamuvekanso akamva mapazi anga pamasitepe. Ati zinthu zodula chonchi sangazisiye pakati pa ana okwawa, zitasowa ndingawadye amoyo. Anandionetsa ndi kansalu komwe amatikulungira, akunyadira kuti tikadali tatsopanotsopano. Miyezi yonseyi amasamala timakina, mwana ali mu zii tsiku lonse.

Tsopano makutu akula, timphira tolowa m'katimo tayamba kukhwepa, ndipo tatsopano akuti tidikire. Ntchito sindingasiye, komanso kositirako n'kwa nthunzi yokhayokha, abwana salola ana.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzakhale naye, ngakhale mpaka ayambe kuyenda. Ntchito yanu idzangokhala kubwezera kamakina akazula, ndi kumulankhula osatopa monga munkatichitira ife. Ndikudziwa kuti maso anu saonanso tinthu ting'onoting'ono, ndiponso masitepe athu ndi mawondo anu sizingamvane. Koma ndilibe wina.

Mundiperekere moni kwa azakhali, mlongo wanga ndi alamu, ndi ana onse.

Mapasa aja anabadwa pambuyo pa mdzukulu wanuyu, koma ayamba kale kuitana mayi awo. Dzulo ndinamuveka tonse tiwiri, ndinaima kumbuyo kwake, n'kumuitana mpaka mawu kusasa. Sanacheuke. Adokotala sanandiuze ngati tachedwa, ndipo ine ndikuopa kufunsa.

Ine mwana wanu,
Amake Kawailesi