Mwana wanga dotora akusiya odwala, akuti akakonze malamulo

Aphungu,

Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Domwe. Mwana wanga Dércia ndi dotora wa ana. Mlongo wake Filipe tinamuika ku Dedza tili othawa nkhondo, asanayambe n'kuyenda komwe. Tsiku limene ndinaona Dércia akupima khanda la eni, mtima wanga unakhala pansi.

Tsopano akuti amuitana ku Maputo akathandize boma kukonza malamulo okhudza ana aang'ono. Misonkhano basi, osagwiranso mwana! Ndinamufunsa, "Nanga amayi amene amafola pakhomo pako uwasiyira ndani?" Iye anati, "Ababa, ndatopa kuchiritsa mwana n'kumubwezera komwe anadwalira. Nyengo yokumba kachewere makanda amagonekedwa pansi pa mtengo tsiku lonse, palibe wowadyetsa, palibe wowalankhula. Ubongo umakula zaka zoyambirirazi. Ambiri amafika kwa ine nthawi itatha."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti akakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, akwere popanda dalitso langa. Chichokereni tsiku limenelo sitikulankhulana, ndipo ulendo wayandikira. Kodi dotora wosagwira wodwala ndi dotorabe? Zikundiwawa, Aphungu.

Z.B., Domwe

Bambo Z.B.,

Pepani za Filipe. Koma ndikuuzeni mosapsatira: mwamusenzetsa Dércia maliro a mlongo wake, ndipo katundu ameneyo si wake.

Inu ndinu mlimi wa kumapiri. Madzi akamakokolola munda chaka ndi chaka, mumakwera kukakonza mizere kumtunda. Mwana wanu akufuna kuchita zomwezo, ndipo udotora sakuusiya.

Pitani kwa iye nokha, musatume amake. Funso lanu lija ndi labwino, mufunseninso kuti atsale ndi anawo ndani, koma ulendo uno mumve yankho mpaka kumapeto. Kenako mupite naye kuminda akacheze ndi amayi okumba kachewerewo, anyamule mawu awo. Mumuuze kuti azibwera nyengo yokumba iliyonse, pakuti mipando ya ku Maputo imaiwalitsa fumbi la kwawo. Sindikulonjeza kuti malamulo asintha msanga. Mwina adzakhumudwa kumeneko, ndipo pamenepo adzafuna bambo oti awaimbire foni.

Chenjerani, shapa sidikira kuti mkwiyo wanu uphwe. Filipe imfa inachita kukulandani, munalibe chochita. Uyu mukamutaya, mwamutaya nokha, ali moyo.