Zikhomo za kumunsi kwa bwalo

Lolemba, 5 February 2007

Zoti zidziwike ndisanayankhe achimwene Jeremiah ku Joni:
1. Kukula kwa bwalo la nyumba yawo ya alendo kuno kumudzi.
2. Magetsi. Kuno amazimazima, makinawo adzatchajidwa bwanji?
3. Malire.

Atumiza zithunzi za makina awiri otchetcha okha udzu, onga a bwana wawo. Akuti ndisankhe ine wa masamu. Aakulu amakwera potsetsereka, aang'ono sakwera. Koma onse amafuna waya wokwirira kuzungulira bwalo kuti adziwe pothera. Pothera pake ndi pati? Kumunsi udzu wathu umangolowerana ndi chinangwa cha azakhali Keziah. Chimwalirireni bambo palibe anafunsapo.

Lachiwiri, 6 February

Nditaweruka kusukulu ndayeza katatu. Mamita 31, 31, kenako 33. Ndakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe, kuchokera pamlambe mpaka pamwala, monga bambo ankalozera. Mizere isanu ya azakhali yagwera mkati.

Ndi zoyezera chabe. Mawa ndikawafotokozera.

Lachitatu, 7 February

Sindinapite. Mutu.

Lachinayi, 8 February

Azakhali andipeza okha pachingwe. “Aphunzitsi, munda wanga mwaumanga ngati mbuzi?” Ndawaonetsa zithunzi, ndafotokoza za waya. Ayang'ana nthawi yaitali. “Ndiye kachirombo aka kakudziwa malire amene atate anu sankawadziwa?” Ndati ayi, kamangotsata waya. “Wayayo akwirire ndani?” Ndabweza zithunzi m'thumba.

Akhala akunditchula Fred chibadwire. Lero “aphunzitsi”.

Mkazi wanga Marian akuti chikwakwa chinalakwa chiyani. Akuti mudzi wonse wa Khuyu ukunena kuti talanda munda wa mayi wamasiye.

Lachisanu, 9 February

Ndisankhe makina aang'ono, bwalo n'kulichepetsa? Achimwene adzati ndagawa malo a bambo. Aakulu, ndiye chinangwa chapita. Ndajambula mapu anayi, onse oipa.

Lamulungu, 11 February

Kutchalitchi pa nthawi yopatsana mtendere azakhali anandipatsa nsonga za zala, maso kwina.

Lolemba, 12 February

M'mawa ndapeza mulu wa chinangwa pakhomo. Chanthete, ngati zala za mwana, chofunika miyezi ina isanu. Ndathamangira kumunsi. Mizere iwiri azula kale, ali pa wachitatu, khasu likuwalemera. Ndicho chakudya chawo cha chaka chino! Ndagwada, ndati azakhali chonde lekani. “Ndikukonzerani njira. Makina a Jeremiah asapunthwe.”

Ndazula zikhomo zonse iwo akuona. Sanandiyang'ane. Akuti chingwe ndinamanga ine koma mwini mawu ali ku Joni, amve kwa iyeyo. Akapanda kumva, Lachitatu amaliza kuzula.

Kusukulu ndachedwa. Ndakwera pachitunda pamene foni imagwira, ndalemba:

“Achimwene, sindisankha. Makina asabwere. Azakhali akuzula chinangwa chanthete. Imbani muwauze nokha kuti mizere ndi yawo, foni ndiwapititsira. Chonde yankhani lisanafike Lachitatu.”

Mizere yatsala itatu.