Chithunzi cha Pamwamba pa Wotchi

Takoma Park, Maryland
Ogasiti 1974

Achimwene Gresham,

Ndiye mwati ine sindingathe mwezi ku Amereka osathamangitsidwa? Chaka chatha ichi, mano onse akadali m'kamwa, petulo ndikuthira ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta galasi. Inu ndi satifiketi yanu ija mukanalira tsiku loyamba lomwe. Kaya muli bwanji kumeneko? Bondo la amayi lija linasiya kutupa? Ine ndili bwino, ndanenepa mpaka buluku lija ndinakuberani likukana kutseka.

Kalatayi sikudzera ku positi. Ndapatsira a Chitalu, mayi wa ku Chipata amene timapemphera nawo, akusiyirani pa Mchinji popita kwawo. Ngakhale iwowo sindikuwadziwa mtima, ndamata kawiri. Mukawerenga mukudziwa chochita nayo.

Amalume a Morton ali bwino, akadali ku banki kuja, tayi pakhosi ngakhale Loweruka. Ndi iwo anandipezera ntchito pagalaja, ndipo anandiuziratu kuti ntchitoyi ikadzatha ndege yobwerera ilipo, iwo sasunga munthu wongodya. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Galajayi ndi ya a Harlan, mzungu wachikulire. Makaniko ndi mwana wawo Russ, anabwerako kunkhondo ya ku Vietnam akutsimphina, tsitsi mpaka m'mapewa. Bambo ndi mwana, koma ikangoyamba nkhani ya pulezidenti wa kuno, mungayese anakumana pamsika.

Nkhani yake ndi iyi. Anyamata ena anagwidwa atathyola ofesi ya chipani chotsutsa, pulezidenti n'kumati sakudziwapo kanthu. Kenako kunadziwika kuti amajambula pa tepi mawu a anthu olowa muofesi mwake. Dziko linang'ambika pakati. Galimoto zobwera kudzamwa petulo zili ndi timapepala kumbuyo, ena akuti achoke, ena akuti musiyeni agwire ntchito. Ena akuti onse ndi akuba, sadzavotanso. Mayi wina anandiuza, ine osamufunsa, kuti anasiya kuyankha foni ya mchemwali wake.

Ine ndinaona kuti apa pali msampha. Munthu kutukwana mtsogoleri masana, dzuwa likuswa mtengo, n'kukagona kwawo bwinobwino? Akanamize ena. Russ ankati akalowa kunsi kwa galimoto, kutukwana pulezidenti, kenako n'kutulutsa mutu kundifunsa kuti nanga iwe Medson ukuti bwanji. Mumtima ndinati ehe, ndakudziwa. Unali msilikali, ndiwe wa boma, ukufuna ndiyankhe ukapereke dzina. Ndinkangomuuza kuti tayala lakumbuyo laphwa. Masiku ena ankandigulira khofi, n'kumandiuza za anzake amene anatsala kunkhondo, ati akuluakulu anawanamiza. Ine khofi kumwa, pakamwa kutseka. Mpaka ndinafufuza m'bokosi lake la masipanala kufuna katepi. Sindinakapeze, ndiye ndinati munthuyu ndi katswiri.

Kenako ndinazindikira chimene chikusowa. Muofesi munalibe chithunzi cha pulezidenti. Pakhoma panali wotchi ndi kalendala ya matayala basi. Inu mukudziwa mmene imathera sitolo yopanda chithunzi, sindilemba zambiri. Ndinati tsiku lina a boma adzabwera, adzatseka galaja, ine ulendo wa ku Mchinji. Ndinakagula cha felemu ku Washington, ndinalawirira Lolemba anthu asanafike, wotchi ndinaitsitsa pang'ono, pulezidenti n'kumukhoma pamwamba pa zonse monga mmene zimakhalira. Sindinauze munthu. Ndinkadikira kuyamikiridwa.

Russ ndiye anayamba kufika. Atachiona nkhope inafiira, ati bambo ake achita dala kuti iye azigwira ntchito pansi pa maso a munthu ameneyo. A Harlan atafika anati ayi, wakhoma ndi Russ pofuna kuwanyoza, umboni wake ndi woti chapendekeka ndipo kuseri kwa khomalo ndi chimbudzi. Uyu kukana, uyu kukana, aliyense ati mnzake ndi wabodza. Ine nditaima pomwepo ndi tsache. Palibe anandiganizira. Ndani angaganize kuti mnyamata wothira petulo ali ndi nyundo ndi maganizo?

Chithunzicho chinakhala. Mkuluyo ati akachitsitsa ndiye kuti wagonja, mwana ati sangachikhudze ndi dzanja lake. Makasitomala ena akachiona pa windo ankabwerera osamwetsa, ena ankalowa kudzagwira a Harlan chanza koma osagula kanthu. Awiri aja anasiya kulankhulana. Kauze bwana wako kuti mabuleki afika, kauze makaniko wako kuti ndamva. Ndinasanduka mesenjala wa anthu oimirira moyang'anizana. Mwezi watha Russ ananyamula bokosi lake, akugwira kwa ena ku Gaithersburg.

Sabata yathayi pulezidenti uja watula pansi udindo. Achimwene, mfuti sinalire. Ndinakhala pa windo kudikira asilikali, kunangodutsa galimoto yotola zinyalala. Mpaka lero ndikuti alipo amene akubisala. A Harlan anamvera pa wailesi muofesi. Anati anamuikira kumbuyo munthuyo mpaka kutaya mwana, kumeneko pulezidentiyo ankanama ndithu. Anakwera pampando, n'kutsitsa chithunzi chija okha, n'kuchiika chozondoka mudirowa. Kuyambira tsikulo safuna kumva za chipani chilichonse, ndipo akukamba zogulitsa galaja, ati yopanda makaniko ndi ya chiyani. Tsopano bwererani ku mawu a amalume aja.

Pempho langa ndi limodzi. Mukafunse abambo kuti paja anagwirizana bwanji ndi a Fryson, ang'ono awo, atakhala zaka zonse zija osapatsana moni chifukwa cha dimba. Anayamba ndani kupita kwa mnzake? Ankhoswa anayamba ndi mawu otani, ndipo anatenga chiyani m'manja? Kuno ankhoswa kulibe, anthu akayambana amangosamuka. Ndiye nkhoswa ndikhala ine, woyatsa moto yemwe. Mufunsenso ngati nkhoswa imayamba yaulula zake kapena imadikira anthu adye kaye. Musanene kuti ndi za ine, muziti mnzanga wina. Yankho mupatsire a Chitalu pobwerera, ndipo amalume musawalembere kanthu, sakudziwa.

Moni kwa amayi ndi abambo. Moni kwa alamu anga a Margaret, muwauze kuti ndikuwamverabe chisoni chifukwa cha mwamuna amene anasankha. Mlongo wanga Flossie asavomere mphunzitsi uja ndisanamuone nsapato zake. Ana onse muwapsompsone, kupatula amene akugona pamphasa yanga.

Za chithunzi musandiseke kwambiri, inunso mukanakhoma, mwinanso ziwiri. Pamene ndinaphonya ndi pa Russ. Tsiku lochoka anandiitanira kuseri, n'kundipatsa jekete yake yankhondo ija, ati chisanu chikubwera ndipo yangayi ndi ya masewera. Anati pagalaja ponse, ngakhale kwawo komwe, ine ndekha ndi amene ndinkamumvetsera osamudula mawu. Anandithokoza, achimwene. Munthu uja sanali kazitape. Ankangofuna womuuza za anzake, ine n'kumamuwerengera mawu ngati mbala. Jekete ndalandira, koma kuvala sindinayambe.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Medson