Ndamenya Munthu Ali Pansi

Amayi anga,

Kaya muli bwanji kumene munapitako? Ife kuno tikadalipo. Kungoti thupi langa likuphwanya paliponse, ndipo cholembera ndachigwira movutikira chifukwa dzanja lamanja latupa. Za dzanjali ndifotokoza, koma mundilole ndiyambe ndi zabwino.

Mpongozi wanu Asiyatu anatipatsa mwana wamkazi Ramadani isanayambe. Tamutcha Hawa, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akafuna chinthu salira kawiri, nyumba yonse imaimirira. Achemwali ku Chowe chimanga chinawapsera ndi ng'amba, koma nandolo wabereka moti atitumizira thumba lathunthu. Thandala lanu lija ku Nkhudzi akuyanikapo usipa ndi azakhali, ngakhale chaka chino mwera wawomba masiku ambiri kuposa omwe anthu alowa m'madzi.

Tsopano ndinene chomwe chandilembetsa. Ndili ndi mlandu ndi inu, Amayi.

Mukukumbuka momwe tinkagwetsanirana pamchenga tikamaliza kukoka khoka. Lamulo linali limodzi: msana ukakhudza mchenga, zatha. Wopambana amatambasula dzanja, kudzutsa mnzake, n'kumusasa kumsana. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinagwetsa mnzanga Imurani, n'kumukhalira pachifuwa ndi kumuwomba mbama. Munachoka pathandala manja ali mamba okhaokha, n'kundikoka khutu mpaka kunyumba. "Twaibu, wagwa wagwa," munatero. "Munthu ali pansi samenyedwa, amadzutsidwa." Kenako munandisenzetsa mbale ya usipa kuti ndikapepese kwa amake. Chichokereni tsiku limenelo ndagwetsa amuna ambiri kuyambira ku Nkhudzi mpaka kwa Mponda, ndipo aliyense ndinamudzutsa ndekha.

Maliro anu atapita ndinasamukira pa boma, kumene ndimakweza matumba a usipa m'magalimoto. Kunoko ndinapeza masewero omwe inu simunawaone, ndewu yosakaniza. Loweruka masana amalowetsa anthu awiri m'bwalo la zingwe, aliyense abwere ndi chomwe amadziwa. Wa nkhonya ndi mateche abwere nazo, wogwetsa ngati ine abwere ndi mikono yake. Pakamwa amati tonse ndife ofanana. Koma amene analemba malamulowo, ndikukuuzani, sanakokepo khoka.

Chigawo chilichonse chimayamba muli chiimire, motalikirana, ndiye kuti wankhonya wayambira kwawo. Ine kuti ndimufike ndiyenera kudya kaye zibakera zake. Kabudula wa mnzako sugwira. M'manja amakuveka magolovesi, pomwe mnzakoyo ndi thukuta lokhalokha, akuterera ngati mlamba. Uvutike choncho mpaka umugwetse, ndewu sinathe. Ukangomupanikiza osamumenya, refa amati palibe chikuchitika, n'kukudzutsani nonse. Mphindi zisanu zikakwana belu limalira, ntchito yako yonse yalowa m'madzi, mukayambirenso chiimire. Majaji nawo maso awo ali pa nkhonya zomwe zafika, kupanikiza munthu amakuona ngati kupuma. Ankhonya amadandaula zawo, kuti saloledwa kugwirira zingwe tikamawagwetsa, kapena kutimenya theche kumutu tikagwada. Mwina akunena zoona, ine ndikudziwa za mbali yanga.

Ndewu yanga yoyamba anandipatsa Wongani, msilikali wa ku Rumphi, munthu wamiyendo italiitali ngati nkhafi. Mphindi imodzi isanathe ndinali nditamukumbatira m'chiuno, n'kumutula pansi chagada. Holo yonse inakuwa. Ndiye mwana wanu anatani? Ndinaimirira, n'kutambasula dzanja kuti ndimudzutse. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha. Wongani anandiyang'ana modabwa, anadzuka yekha, n'kundipatsa chibakera padiso lamanzere ndili chitambasulire. Sindimuimba mlandu, malamulo amamulola. Ndinamugwetsanso kawiri, n'kungomupanikiza, ndipo kawiri konse refa anatidzutsa. Nthawi iliyonse tikaimirira nkhope yanga ndiyo inkalipira. Pamapeto refa anakweza dzanja la Wongani.

Munkandiuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, pondikumbutsa kuti ndine mwana woyamba. Sindinadziwe kuti tsiku lina zidzakhala nkhonya zenizeni.

Diso linapola, koma kusekedwa sikunathe. Kumsika thumba likangogwa m'galimoto anzanga ankakuwa, "A Twaibu, lidzutseni, mulisase kumsana!" Poyamba ndinkaseka nawo. Pofika mwezi wachiwiri ndinatopa nazo, Amayi. Kochi wathu, mphunzitsi wina wa kusekondale, anandikhazika pansi. "A Twaibu," anatero, "chifundo chanucho muzichivula pakhomo pamodzi ndi nsapato. Mukamugwetsa, dzanja lizigwira ntchito. Apo ayi refa akuimikani, ndipo mukaima ndinu nyama yake." Asiyatu sanachulutse mawu. Anangondifunsa kuti, "Bambo a Hawa, wakutumani ndani?" Koma nditamva kuti tibwereze ndi Wongani ndinavomera. Walira mvula walira matope.

Tinakumana Loweruka lapitali. Zigawo ziwiri zoyamba zinayenda ngati kale, kugwetsa, kupanikiza, kudzutsidwa, kumenyedwa. Pofika chachitatu diso lomwe lija linali litatsekeka. Ndinasonkhanitsa mphamvu zotsala n'kumugwetsa pakati pa bwalo, ndipo ndinapezeka ndamukhalira pachifuwa, ndendende momwe ndinakhalira pa Imurani. Refa anawerama n'kunena m'khutu mwanga, "Gwirani ntchito, ndikudzutsani!" Ndinadziwa kuti tikaimiriranso ndagonja, mwinanso diso lipita.

Sindikunamizani kuti ndinaiwala mawu anu. Ndinawamva bwinobwino, ngati muli pathandala. Ndipo ndinamumenya. Anatchinga kumaso, ndinamenyabe. Manja ake atagwera m'mbali ndinawonjezera china, refa asanandikoke. Chomalizacho ndi chomwe chatupitsa dzanjali.

Anthu anakuwa dzina langa, kochi anandinyamula. Nditatsika ndinabwerera kwa Wongani n'kutambasula dzanja monga mwa nthawi zonse. Sanalione. Maso ake anali kudenga, ndipo achipatala anandikankhira kumbali kuti ndisawatchinge. Anamutulutsa atamugwirizira anthu awiri.

Ali bwino tsopano, musade nkhawa. Lachiwiri anandipeza kumsika, chikope atamusoka, n'kundipatsa moni akumwetulira. "Tsopano mwaphunzira, achimwene," anatero. Ananena mwaulemu, mtima uli mbee, koma mawu amenewo andipweteka kuposa zibakera zake zonse. Kumsika kwati zii, palibe akundisekanso, ena ayamba kundipatukira njira. Aliyense akuti sindinalakwe, ndinatsata malamulo. N'zoona, pa malamulo awo ndilibe mlandu. Koma ine ndinali ndi langa limodzi lokha lomwe munandisiyira, ndipo ndaligulitsa kuti anthu okweza matumba asiye kundiseka. Ndikuchita manyazi, Amayi, ndipo ndatopa kutopa komwe sikutha ndi tulo.

Tsopano akufuna ndikamenye ku Blantyre mwezi wamawa. Akuti kumeneko ankhonya ndi aukali kuposa Wongani, ndiye ndiphunzirenso kumenya ndi chigongono munthu ali pansi. Kochi akudikira yankho Lachisanu tikatuluka kumzikiti. Mpaka dzulo mtima unali pawiri, chifukwa kukuwiridwa dzina kumakoma, sindibisa.

Lero m'mawa Asiyatu ankachapa kuseri, Hawa atamugoneka pamkeka pakhonde. Mwana anayamba kulira, mayi ake n'kuitana, "Bambo a Hawa, tamunyamulani, manja angawa ali ndi sopo!" Ndinawerama. Anali chagada, timanja tili m'mwamba, akundiyang'ana ndi chipumi chanu chija. Ndinalowetsa manja kunsi kwake, koma lamanjali linakana, zala sizinapinde, ululu unafika mpaka paphewa. Ndinayesa kawiri. Ndinalephera kumudzutsa, Amayi. Ndinangogwada pambali pake mpaka Asiyatu anabwera akupukuta manja pachitenje, n'kumunyamula yekha. 

Yankho la kochi ndalipeza. Lachisanu ndikamubwezera magolovesi ake, anene zomwe anene, kumsika ayambirenso kuseka ngati akufuna. Loweruka ndikwera matola kubwera ku Nkhudzi, ndidzazule udzu pamanda panu ndi dzanja lamanzere, ndi kukupemphererani duwa. Ndidzapitanso kukaona Imurani, akuti masiku ano akudwaladwala.

Mundikhululukire. Dzanjali likapola, ndikukulonjezani, woyamba kumudzutsa adzakhala Hawa, ndipo silidzagweranso munthu ali pansi.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Twaibu