Dothi la Pakhoma la Amayi

Malowera, Maravia
14 Outubro 2024

Okondedwa achimwene Elídio,

Ndikhulupirira kuti mukupezako bwino kumeneko ku Lusaka, ndipo mwendo uja wayamba kugwirana. Kuno kumudzi anthu abalalika, mwambo wa kumeta tinachita Loweruka. Pali nkhani imene ndalephera kukuuzani pa telefoni, ndiye ndati ndingolemba.

Poti munalephera kubwera kumaliro a amayi chifukwa cha mwendowo, munandipempha kuti nyumba ya amayi isagwetsedwe mpaka mutachira n'kudzaiona komaliza. Achimwene, nyumba ija yagwa.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Mukukumbukira mmene amayi ankazirira khoma lakumaso chaka ndi chaka, dothi lofiira m'munsi, loyera pamwamba, pakati nkhanga zawo zija zimene inu munkati ndi mbatata za miyendo. Chaka chino anajambula nkhanga zitatu, yaikulu patsogolo, ziwiri zikuilondola. Pafupi ndi chitseko anadindapo dzanja lawo, mpaka chala chawo chopindika chija chinkaoneka bwinobwino.

Ku univerisidade ku Maputo, kumene ndikuphunzira kujambula ndi mbiri ya zojambula, purofesora wathu amationetsa makoma a anthu akutali amene anamwalira kalekale, osungidwa ngati dzira mpaka lero. Nditaima pakhomo pa amayi ndinadzifunsa kuti, nanga khoma ili lalakwanji?

Ndinakagwada kwa amalume a Baltazar. Anandiyankha modekha kuti, "Mwana wanga, nyumba ya womwalira siikhala. Si nkhanza ayi, ndi mmene tinapezera."

Ndinati, "Amalume, ndiloleni ndidule pokhapo pali dzanjapo, ndikasunge kusikola."

Anayang'ana pansi, misozi ili lengelenge, paja ndi mlongo wawo amene wapita. Kenaka anadzuka n'kukabwereka okha serote, macheka aja, kwa mmisiri wa matabwa.

Tinadula pang'onopang'ono, iwo m'kati, ine panja. Koma mitengo ya m'khomamo chiswe chinali chitadya kale. Titangoti tinyamule, chidutswa chija chinaphwanyikira m'manja mwanga, dzanja la amayi n'kusanduka fumbi pamapazi panga. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Amalume anangovula chipewa chawo n'kuyamba kuwoleramo dothilo. Madzulo ake amuna anagwetsa zotsalazo.

Zithunzi ndinajambulako, ndikutumizirani ndikafika ku Fíngoè, poti kuno telefoni imagwira ikafuna. Koma musayembekezere zambiri, pachithunzi khoma lija likuoneka ngati la munthu wina aliyense.

Mawa ndikubwerera kusikola, ndatsalira kale m'maphunziro. Dothi lija ndaligawa pawiri. Anatiphunzitsa kupera dothi n'kusakaniza ndi zomatira kuti likhale utoto, ndiye gawo langa ndikajambulira nkhanga zitatu za pachionetsero chathu chotsekera chaka. Ndili ndi mantha, chifukwa ndikalakwitsa palibe kwina kokatapa lina. Zikadzaoneka ngati mbatata, mudzaseke ndithu, ndidzadziwa kuti ndakhoza.

Gawo lanu ndapatsira a Moisés a kutchalitchi, amenenso atenga kalatayi. Musadabwe akakupatsani kathumba ka dothi. Nyumba ija ndi imeneyo, achimwene, ndi yomwe ndakwanitsa kukusungirani. Mundikhululukire.

Amalume akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Makalata anga onse ndinkamaliza ndi moni wa amayi, iwo ali pamphasa n'kumakuwa kuti, "Umuuze mnyamatayo azidya!" Lero ndafika pamzere umenewu n'kudikira, koma pabwalo pali zii.

Muzidya, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Gracinda